M'ming'alu ya miyala ya ku Utah, mwana ndiye amatsogola

Kum'mwera kwa Utah, ku America, munthu ukhoza kuyenda pagalimoto kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka osaona china koma thanthwe lofiira, mchenga ndi tizitsamba totuwa. Ukaima n'kumwaza maso, dziko limaoneka ngati lilibe chobisa. Chonsecho thanthwe limenelo n'long'ambikang'ambika. Muli ming'alu yakuya, ina yotalika makilomita ambiri, yopapatiza moti ukatambasula manja umagwira makoma onse awiri. Eni dziko amaitchula kuti slot canyon. Pansi pake pamakhala mchenga wofewa, kumwamba kumangooneka kamzere ka thambo, ndipo ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo, mkatimo mumazizira bwino.

Mwala wake ndi mchenga umene unagwirana. Zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo dera lonseli linali chipululu cha milu ya mchenga yokankhidwa ndi mphepo, ndipo mizere yopendekeka imene imaoneka m'makoma lero ndi ya milu yomweyo. Akatswiri amautcha Navajo Sandstone. Chinang'amba mwalawu ndi madzi a mvula. Akagwa pathanthwe sapeza dothi loti alowemo, ndiye amasonkhana m'khwawa limodzi n'kuthamanga atanyamula mchenga ndi miyala, kumapala pansi chaka ndi chaka mpaka khwawa lija litasanduka mpata wakuya. Zimenezi muzisunge, chifukwa anthu akamalemba pa intaneti kuti mng'alu wakutiwakuti ndi wosavuta, woyenera ana, amakhala akukamba za miyala ndi miyendo basi. Za madzi amazisiya.

Ife timakhala chakumpoto, kufupi ndi Salt Lake City, ndipo tili ndi ana awiri, mtsikana wa zaka 10 ndi mlongo wake wa zaka 6. Phiri salifuna n'komwe. Ukangotchula zokakwera phiri, miyendo imayamba kuwawa asanavale ndi nsapato zomwe. Ndipo sindiwada nazo, pakuti paphiri mwana amaona nsonga ili kutali, n'kudziwiratu kuti mavuto ake akadalipo ambiri. M'mng'alu mulibe zoona kutali. Ukayenda masitepe khumi pali pokhota, ndipo kuseri kwake sukudziwa chimene chiliko. Mwina ndi mwala woti ukwere, mwina thamanda, mwina buluzi, mwina malo othina oti udutse chammbali. Mwana woti kunyumba sangayende wapansi kukafika kusitolo amatha makilomita asanu osazindikira. Ndiye pali chinanso chimene makolo sitikonda kuvomereza: thupi loyenera malo amenewa ndi la mwana. Pamene ine ndikuvula chikwama, kukoka mimba ndi kupempha Mulungu kuti batani la malaya lisathothoke, wa zaka 6 uja amakhala atadutsa kalekale, akufuula kutsogolo kuti, "Adadi, fulumirani, mukutichedwetsa!"

Musanasankhe kopita, dziwani mmene anthu a masewerawa amalembera kuvuta kwa mng'alu. Amaika nambala kuyambira 1 mpaka 4, kenako chilembo A, B kapena C. Nambala 1 ndi woyenda chabe. Nambala 2 umafuna kukwera ndi manja apo ndi apo, ndipo kachingwe kogwirira kamathandiza. Nambala 3 ndi wotsika pachingwe, utamanga malamba m'chiuno ndi helemeti kumutu, ndipo ukangotsika n'kukoka chingwe chako, kubwerera kulibe, uyenera kutulukira kumunsi. Nambala 4 ndi wa akatswiri. Zilembozo ndi za madzi: A ndi wouma kapena wa madzi ochepa, B uli ndi madzi odikha oti mwina usambire, C uli ndi madzi othamanga. Banja longoyamba kumene lisapitirire 1 ndi 2. Ubwino wake waukulu si kuchepa kwa zokwera, koma kuti paliponse pamene mwafika mukhoza kutembenuka n'kubwerera momwe mwadzera.

Woyambira wabwino ndi Willis Creek, kum'mwera kwa katauni ka Cannonville, mkati mwa malo otetezedwa ndi boma otchedwa Grand Staircase-Escalante National Monument, amene anakhazikitsidwa mu 1996. Palibe chokwera. Kamtsinje kakang'ono kamayenda pakati pa makoma osalala, ndipo ntchito ya tsikulo ndi kukadumpha uku ndi uku mpaka nsapato zitanyowa, kenako n'kusiya kudumpha, n'kumangoponda m'madzimo. Mwana amene wangophunzira kuyenda akhoza kusangalala nawo. Chovuta ndi msewu wokafika kumeneko, wa Skutumpah. Ndi wadongo, ndipo mvula ikagwa umaterera moti ngakhale galimoto yamphamvu imangovina. Ku Cannonville kuli ofesi ya alendo, funsani za msewu musanalowe.

Koma umene ana anga amautchula akamagona ndi Little Wild Horse. Uli m'dera la San Rafael Swell, makilomita ochepa kuchokera pa Goblin Valley State Park, pakati pa matauni a Green River ndi Hanksville. Kuchokera kwathu ndi ulendo wa maola pafupifupi anayi. Umayamba ngati khwawa wamba la mchenga, lokhala ndi mitengo m'mbali, moti mlendo amayamba kukayika ngati wafika malo oyenera. Kenako pamabwera mwala wotchinga njira umene mumauzungulira chapambali, ndipo mukapitirira pang'ono njira imagawikana: kumanzere ndi Bell Canyon, kumanja ndi Little Wild Horse. Amene ali ndi mphamvu amalowera uku n'kutulukira uko, ulendo wa makilomita 13. Ndi ana aang'ono musadzivute nazo. Chigawo cholumikiza ming'alu iwiriyi kumtunda ndi msewu wafumbi wapadzuwa, wopanda mthunzi, ndipo ndi pamene ana amayamba kulira. Lowani kumanja, yendani mpaka mwakhuta, bwererani.

Chimene ndimakonda mu Little Wild Horse n'choti suthina nthawi imodzi. Makoma amayandikana pang'onopang'ono, mpaka mumafika poti phazi limodzi lokha ndi limene likukwana pansi, ndipo mumayenda mondondozana, mapewa akukhula mwala. Ndiye mwadzidzidzi makoma amatseguka, mwatulukira pabwalo la dzuwa pomwe mungakhale pansi n'kudya, kenako amatsekanso. M'makoma muli mabowo ambirimbiri osemedwa ndi madzi ndi mphepo, ena okwana mwana kukhalamo. Mtsikana wanga amalowa m'bowo lililonse limene wapeza n'kulamula kuti ajambulidwe. Mvula ikakhala kuti inagwa masiku apitawo, m'malo othina mumatsala madzi ozizira ofika m'mawondo, nthawi zina m'chiuno, ofiira ngati thope, osaoneka pansi. Pamenepo wamng'ono amakwera paphewa, ndipo wamkulu amatsogola ndi ndodo kufufuza pansi. Madzi amenewo musamwe, ndipo musadabwe mukaona mbewa yakufa ikuyandama.

Kuyenda m'malo otere kuli ndi luso lake, ndipo ana amaligwira msanga kuposa ife. Pamene pansi pali madzi kapena pathina kwambiri, umatsamira msana pakhoma limodzi, mapazi pakhoma linalo, n'kumasuntha chammbali. Pena umaponda phazi lamanja kukhoma lamanja, lamanzere kulamanzere, n'kumayenda uli tang'a m'mwamba. Lamulo lathu ndi limodzi: sitidumpha. Kaya mwala ndi waufupi bwanji, timatsika chokhala, wamkulu ali kumunsi kulandira. Mchenga umabisa miyala, ndipo bondo likaguluka kumeneko foni siigwira, thandizo lili kutali. Komanso mwana asatsike pamene sangathe kukweranso, chifukwa njira yobwerera ndi yomweyo.

Peek-a-Boo ndi Spooky ndi ina iwiri yotchuka, koma ndimati idikire ana atazolowera. Ili kufupi ndi tauni ya Escalante, ndipo kuti mukafike mumayenda makilomita 42 pamsewu wa Hole-in-the-Rock, wamabampu ogwedeza mano. Pakhomo pa Peek-a-Boo pali khoma la mamita pafupifupi anayi loti mukwere, lokhala ndi timapondero tosemedwa m'mwala, ndipo apa ana amafunika kukankhidwa kumunsi ndi kukokedwa kumtunda. Mkati mwake muli miyala yobooka ngati mazenera, yokongola zedi. Spooky ndiye wina. Pena amathina mpaka masentimita 25, mumdima, ndipo umayenda chammbali mutu utatembenukira mbali imodzi, osatha kuutembenuzanso. Ana amaseka. Mayi awo, amene saopa njoka kapena mbala, anatuluka m'menemo ali chete, ndipo atapeza mawu anangoti, "Bambo a ana, kuno mudzabwera nokha." Ngati mukudziwa kuti malo othina amakubanikitsani, palibe manyazi kudikira panja.

Tsopano za madzi zija.

Pa 12 Ogasiti 1997, anthu 11 anafa mu Lower Antelope Canyon, kufupi ndi tauni ya Page ku Arizona. Ambiri anali alendo ochokera ku France. Pamalopo mvula inangowaza pang'ono. Yamphamvu inagwa makilomita 11 kumtunda, ndipo madzi ake anafika ngati khoma. Pa 14 Seputembala 2015, anthu asanu ndi awiri anafera mu Keyhole Canyon ku Zion National Park, mng'alu waufupi umene anthu amaphunzirirapo kutsika pachingwe. Ndipo pa 11 Meyi 2020, mu Little Wild Horse momwemo, mmene ana anga amalowa m'mabowo, madzi anakokolola atsikana awiri apachibale, wina wa zaka 7, wina wa zaka 3. Mwezi wa Meyi si nyengo ya mvula kumeneko. Mvula yamabingu imayembekezeka kuyambira Julayi mpaka Seputembala. Unali mtambo umodzi wokha umene unakhuthula madzi kumtunda kwa khwawa.

Sindikulemba izi kuti ndikuopsezeni, ndipo makolo a ana aja sindiwaweruza. Tsiku limenelo munali anthu enanso ambiri m'menemo. Ndikulemba chifukwa ngozi zitatu zonsezi zinachitikira m'malo a anthu wamba ndi ongoyamba kumene. Kusavuta kwa miyala ndi kumene kumadzazamo anthu, ndipo madzi saiwala khwawa.

Ife a ku Malawi nkhani ya madzi otsika m'phiri sitichita kuuzidwa. Napolo wa ku Phalombe mu 1991 akuluakulu amamukumbukira, ndipo za Freddy mu 2023 mabala ake sanapole. Koma kwathu mvula umaiona ikugwa masiku angapo, phiri umaliona litafunda mitambo, mtima umakhala uli m'mwamba. M'chipululu cha Utah pamene waima pakhoza kukhala dzuwa lowala bwino, mchenga uli gwa kuuma, ndipo mtambo wokupha uli kuseri kwa zitunda, kumene sungauone chifukwa thambo lako lonse ndi kamzere kaja. Dera lonse limene madzi ake amatsikira mumng'alu umodzi limatha kukhala lalikulu kwambiri, ndipo onsewo amadzera pampata womwe iwe ukudutsa chammbali.

Choncho ntchito yeniyeni ya kholo imachitika musanalowe. A zanyengo a National Weather Service amatulutsa tsiku ndi tsiku chenjezo la madzi osefukira m'mapaki a kum'mwera kwa Utah, ndipo lili ndi masitepe anayi, kuyambira pakuti sakuyembekezeka mpaka pakuti akubwera ndithu. Kwathu tinagwirizana kuti ndi ana timalowa pa sitepe yoyamba yokha. Akangoti mwina, ife sitilowa. Ena amati ndimanyanyira, poti masiku ambiri a mwina amatha popanda dontho. N'zoona. Koma munthu wamkulu ali yekha akhoza kukwera khoma mothamanga, pamene ine ndili ndi ana awiri ndi manja awiri. Zanyengozo muziwerenge muli m'tauni, foni ikadagwira, ndipo muyang'ane za dera lonse lakumtunda, osati za pamalo oimika galimoto pokha. Mukafika, yang'anani kumene khwawa likuchokera. Kukakhala mtambo wakuda ngakhale kutali, nkhani yatha. Lowani m'mawa, pakuti mitambo yamabingu imakonda kukula masana. Miyezi yabwino ndi Epulo, Meyi ndi Okutobala, koma mwaona kale kuti Meyi naye si wodalirika.

Mkati timasewera masewera amene ana amaona ngati nthabwala. Ndikafuula kuti, "Tikwera pati?" aliyense amaloza malo apafupi amene angakwere kufika pamwamba. Pamabwalo otseguka paja malo amapezeka. M'malo othina palibe, ndipo ana okha amazindikira kuti apa si pochezera, tidutse msanga, tikadyere kutsogolo. Ndimawaonetsanso zipika zimene zinapanikizika pakati pa makoma, mamita angapo pamwamba pa mitu yathu, n'kuwafunsa kuti chinaziika pamenepo n'chiyani. Yankho amalipeza okha. Zizindikiro za madzi akubwera n'zodziwika: mkokomo wochokera kumtunda, kamphepo kadzidzidzi konunkha dothi lonyowa, timadzi toyera tikuyamba kuda ndi kunyamula zinyalala. Zikatero sumathawira kumunsi, chifukwa madzi amathamanga kuposa munthu. Umataya chikwama n'kukwera, ngakhale mamita awiri okha.

Chovuta kuposa zonsezi ndi kubwerera muli pakhomo. Mwayenda maola anayi, mwalipira pogona, ana aimba za ulendowu sabata yonse, ndiye kumadzulo kwadetsa. Magalimoto ena ali pomwepo, anthu akumanga nsapato, akulowa ndi makanda kumsana. Tsiku lina zitatero mtsikana wanga anandifunsa, misozi ili m'maso, "Adadi, nanga enawo akulowa bwanji? Iwowo alibe ana?" Ndinamuyankha kuti ana ali nawo, koma galimoto yathu ikupita ku Goblin Valley. Sanandilankhule mpaka titafika. Mwayi wake malo amenewo ndi chigwa chodzaza ndi miyala yooneka ngati bowa ndi tianthu tofupika, ndipo amalola ana kuthamanga ndi kubisalirana mmenemo momwe angafunire. Mvula tsiku limenelo siinagwe n'komwe, ndipo iye sanaiwale kundikumbutsa. Ndimalangiza aliyense kuti ulendo wa ku mng'alu uzikhala ndi kwina kopita kokonzeratu, kosangalatsa ndithu, kuti kukana kusakhale chilango. Kholo limene lilibe kwina kopita ndi limene limayamba kudzinyengerera kuti mtambo uja ukupita kwina.

Ku Goblin Valley komweko, mu 2013, atsogoleri ena a gulu la ma Scout anagwetsa dala umodzi wa miyala ija, n'kudzijambula akuseka, n'kuika pa intaneti. Anazengedwa mlandu. Nkhaniyi ndimawauza ana chifukwa dzanja la mwana likaona mwala wofewa limafuna kulembapo dzina, ndipo mwala wamchenga umalembeka ndi kamtengo chabe. Kunja kwa ming'alu kulinso dothi lakuda lokhala ndi timatumphu, looneka ngati lopsa. Ndi lamoyo, tizilombo tosaoneka ndi maso ndi timene timaligwirizitsa kuti mphepo isaulutse mchenga, ndipo phazi limodzi limawononga zimene zimatenga zaka zambiri kuti zibwerere. Timaponda pathanthwe kapena mumchenga wa m'khwawa.

Zonyamula sizichuluka. Madzi akumwa ndiwo oyamba, ndipo oyang'anira mapaki amati munthu mmodzi malita anayi patsiku nyengo yotentha. Ana samva ludzu akamasewera, muziwamwetsa musanapemphedwe. Nsapato zikhale zogwira pamwala, zoti simudandaula zikanyowa, ndipo zovala zikhale zakale chifukwa mwala umadya nsalu, makamaka kumatako. Chikwama chikhale chaching'ono, chachikulu chimakukolani pothina. Juzi yopepuka, ngakhale kunja kukutentha. Tochi. Chingwe chachifupi chothandizira mwana potsika. Mapu muwasunge mufoni musanachoke m'tauni. Za kuchimbudzi, mumng'alu mulibe pokumba ndipo fungo silichoka, ndiye pali timatumba tapadera togulitsidwa m'masitolo a zoyendayenda, ndipo zonse mumatuluka nazo. Ana amanyansidwa ulendo woyamba, kenako imakhala nkhani yoseketsa anzawo kusukulu. Njoka zaululu zoliza mchira ngati maseche (rattlesnake) ziliko, choncho dzanja lisalowe m'bowo limene maso sanaonemo.

Ndipo muuzeni munthu kumene mwapita ndi nthawi imene mutuluke. Mu Epulo 2003, Aron Ralston analowa yekha mu Bluejohn Canyon, kum'mawa kwa Hanksville, osauza aliyense. Mwala unagubuduka n'kumupana dzanja, ndipo atakhala masiku asanu anachita kudzidula mkono kuti apulumuke. Ife timatumiza uthenga kwa mnzathu wa kutchalitchi tisanataye netiweki: dzina la mng'alu, mtundu wa galimoto, ndi ola loti akapanda kumva za ife aimbire apolisi a deralo.

Anthu ambiri akaona zithunzi zathu amafunsa za Antelope Canyon, poti ndi umene umaoneka pamakalendala ndi pamakompyuta. Uli m'dziko la a Navajo, mtundu wa anthu amene anali kale kumeneko azungu asanafike, ndipo simungalowe popanda wokutsogolerani wovomerezeka ndi iwo. Kukongola kwake n'kosatsutsika, ndipo ku Lower Antelope anaikako makwerero achitsulo okhazikika. Koma mumayenda pamzere, gulu lina kutsogolo, lina kumbuyo, nthawi yowerengeka, ndipo mtengo wake wa banja lonse si wamasewera. Kwa wojambula zithunzi ndi paradaiso. Kwa mwana wofuna kukwawa, kubwerera, kulowa m'bowo ndi kukhala pansi kusefa mchenga m'manja, Little Wild Horse amene salipiritsa kalikonse amaposa.

Mtsikana wanga tsopano wayamba kuvuta za zingwe. Anaona anthu ovala mahelemeti akutuluka mumng'alu wina ku Zion, atanyowa, akuseka, ndipo kuyambira pamenepo nambala 2 akuiona ngati ya makanda. Kumatauni ngati Springdale ndi Moab kuli makampani otsogolera mabanja m'ming'alu ya zingwe, ndipo ena amalandira ana amsinkhu wake. Ndamuuza kuti tidzapita ndi otsogolera amenewo, osati ndi ine ndi mavidiyo a pa YouTube, ndiponso kuti tidikire mlongo wake akule pang'ono kuti malamba amukwane. Mayi awo ati adzatidikira kugalimoto ndi buku.